Magazi a Nkhosa pa Chipata cha a Bassu

A Bassu, mwana wotsiriza wa malemu Lahu, anabadwira m'hema wa ubweya wa mbuzi pachigwa chimene lero chazingidwa ndi mpanda wa magetsi a dzuwa. Malo enieni pamene panali hemayo sangathenso kuwaloza, pakuti miyala yonse imene ikanawakumbutsa inakankhidwa ndi makina osalaza nthaka. Amangoti ndi penapake pakati pa mizere ya magalasi okolola dzuwa, chakumanzere kwa nyumba ya mapampu.

Bambo awo anali mbusa wa nkhosa, monga analinso agogo awo. Nyengo yozizira banja lonse linkakhala pachigwapo. Kukayamba kutentha, ankapasula hema n'kukwera ndi ziweto ku msipu wa pamwamba pa mapiri a Atlasi. Msipu umenewo sulowedwa mwachisawawa. Mafuko onse odyetsako ziweto amautseka mogwirizana kufikira udzu utakhwima, ndipo tsiku loutsegula limalengezedwa pamsika. Amene wafika pa tsikulo amamanga hema pafupi ndi kasupe. Wochedwa amapeza udzu wopondedwa ndi ndowe za nkhosa za anzake. Njira yochokera kuchigwa inali yowongoka, ndipo pakati pake panali chitsime chimene ziweto zinkamwapo zisanayambe chitunda.

Bambo awo atamwalira, nkhosa zinagawidwa pakati pa a Bassu ndi akulu awo, a Yidir, amene a Bassu amawaitana kuti Dadda, monga aitanira wamkulu kuno. Kunatsatira zaka za chilala. Za a Yidir zinapulumuka, mwina chifukwa mwiniwakeyo ndi munthu wouma mutu, wokhoza kugona ndi njala kuti nkhosa idye. Za a Bassu zinatha imodziimodzi. Iwo anatsikira kumudzi wa m'mbali mwa mtsinje wouma, nakwatira a Tuda, nayamba kukandira dothi amisiri omanga nyumba. Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha, ndipo woyamba ndi Itto.

Oyeza malo a kampani ya magetsi anafika m'mwezi wotentha kwambiri, pamene munthu aliyense wanzeru anali kuphiri ndi ziweto zake. Anayenda chigwa chonse pagalimoto osakumana ndi nkhosa ngakhale imodzi, ndipo anabwerera ku likulu kukanena kuti apeza malo ouma, opanda wowagwiritsa ntchito, odzala dzuwa lokhalokha. Pambuyo pake panachitika msonkhano, akuluakulu a fuko navomera kupereka mbali yaikulu ya chigwacho. Za njira sanatchule. Sikuti anaiwala ayi. Kwathu kuno munthu akagula munda amagula nthaka ndi madzi ake, koma njira yodutsa m'mundamo imakhalabe ya onse oyenda, ndipo palibe amene anaganizapo kuti chinthu chodziwika choterocho n'chofunika kuchinena pamaso pa anthu ophunzira.

A Bassu analembedwa ntchito pamodzi ndi amuna ambiri a m'midzi yozungulira. Anakumba maenje a nsanamira, anasakaniza simenti, ndipo mbali yonse ya mpanda yoyang'ana kumapiri anaimanga nawo ndi manja awo, kuchokera pangodya ina kukafika pangodya inzake. Kumangako kutatha, anthu anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo anatsala owerengeka okha. A Bassu anali mmodzi wa otsalawo, popeza sanakanganepo ndi kapitawo aliyense. Anawapatsa yunifolomu yabuluu, kawailesi kolankhulirana ndi ofesi, ndi chipata chaching'ono chakumwera, chimene pamadutsa magalimoto a madzi otsukira magalasi. Chipatacho chinamangidwa pamalo enieni pamene pankadutsa njira yakale ya nkhosa.

Munthu woleredwa bwino sakhala pamalo osawasamala. A Bassu ankasesa pakhomopo m'mawa uliwonse, anabzala minti wonunkhiritsa tiyi m'chitini, anayala mphasa yoswalirapo m'kanyumba ka mlonda, ndipo dalaivala aliyense wodutsa ankamwa tiyi. Posapita nthawi anthu analeka kunena kuti chipata chakumwera. Ankangoti kwa a Bassu. Eni akewo ankalikonda dzinalo. Malipiro anali ochepa koma osaphonya mwezi, ndipo a Tuda anayamba kugula ubweya ndi utoto woombera zofunda za ukwati wa Itto, amene banja lina la abusa linali litayamba kumufunsira.

Abusa tsopano ankakhala nyengo yozizira pa kachigawo ka chigwa kamene kanatsala kumwera, ndipo popita kuphiri ankazungulira mpanda. Njira yatsopanoyo ndi yaitali, imatsata msewu wa phula kumene malole amabalalitsa ziweto, ndipo ilibe madzi, pakuti chitsime chija chinatsekeredwa m'kati. Chaka cha mvula yabwino nkhosa zinkapirira. A Yidir ndi anzawo anapita kangapo ku ofesi kukapempha kanjira kodutsa pakati. Ankalandiridwa mwaulemu, kupatsidwa tiyi ndi mabisiketi, n'kuuzidwa kuti nkhaniyo ili ku likulu.

Chaka chimene tikunenachi mvula sinagwe. Nkhosa zinatuluka m'nyengo yozizira nthiti zili pamtunda, ndipo tsiku lotsegula msipu linali litalengezedwa kale. M'mawa wina, a Bassu ali m'kanyumba kawo kutsuka matambula a tiyi, anamva kulira kwa ziweto zambiri. Kenaka anamva mawu a mwamuna akuitana monga aitanira mlendo pakhomo la eni ake:

"Eni khomo lino! Mtendere ukhale nanu, eni khomo lino!"

Kuyambira ali mwana, a Bassu sanalolepo kuti moni wa munthu ugwe pansi. Anayankha ali m'katimo, tambula ili m'manja: "Nanunso mtendere. Tilipo, fikani."

Pamene ankatuluka, mpeni unali utadutsa kale. A Yidir anali atagwada pachiundo cha chipata, pa chitsulo chimene chitseko chimayendapo, atapanikiza ndi bondo nkhosa yamphongo yakuda, ndipo magazi ankayenderera m'ngalande ya chitsulocho kuchokera kunsanamira ina kukafika kunsanamira inzake. Kumbuyo kwawo kunaima amuna a mahema ena. Kumbuyo kwa amunawo kunali nkhosa, ngamila zosenza katundu, akazi ndi ana.

Umenewu ndi mwambo wa aar, ndipo aliyense wobadwira kuno amauopa. Munthu amene wapempha mpaka mawu kumuthera amapha nkhosa pakhomo la amene ali ndi mphamvu yomuthandiza. Kuyambira pamenepo mwini khomo ndi womangidwa: sangalumphe magaziwo asanayankhe, ndipo akakana, tsoka limalowa m'nyumba mwake n'kuyamba kufunafuna ana ake. Wopemphayo nayenso ndi womangidwa, pakuti sangachoke pamalopo, kapena kulandira kanthu kena kalikonse ka m'nyumbamo, kufikira atamva yankho.

A Yidir anapukuta mpeni pa ubweya, naimirira, nanena mokweza kuti magaziwa ali pa eni ake a magalasi, kuti atsegule njira ya makolo ziweto zidutse. Atatero anacheukira mng'ono wawo n'kumuuza kuti aitane mabwana ake pa kawailesiko, popeza nkhaniyi siimukhudza iye.

Amene anayamba kuona cholakwacho anali mkulu wina wa ngamila, wamaso achimbuuzi koma wamakutu akuthwa. Anafunsa modekha kuti kodi amene wayankha moni uja ndani. Anafunsanso kuti nanga amasesa pakhomoli ndani, ndiponso kuti fungo la minti limene akulimvali likuchokera m'chitini cha yani. Ndiye anati iye sanamvepo kuti magazi anayenda okha ulendo wa ku likulu kukafuna munthu. Amagwira amene wati tilipo.

Nkhope ya a Yidir inagwa.

"Iwe Bassu, unayankhiranji? Ndimaitana iwe ine?"

"Nanga Dadda, munthu akupereka moni, ndizingomuyang'ana ngati bulu? Si inu munandiphunzitsa?"

"Ndinakuphunzitsa kuyankha pakhomo pako, osati pakhomo pa anthu a ku likulu."

"Ndiye mwadzionera nokha kuti a ku likuluwo sagona pano."

Mmodzi wa amunawo anaseka, koma chiseko chake chinathera pakhosi.

Dzuwa litakwera pang'ono, kunafika Nawfal, amene onse ankamutcha mwaulemu kuti Si Nawfal, injiniya woyang'anira ntchito za masana, mnyamata wa ku mzinda wa kunyanja, waulemu ndi wosakweza mawu. Anatsika m'galimoto m'kati mwa mpanda, napereka moni kwa akuluakulu ataika dzanja pachifuwa. Za aar anali atamvapo, koma ankayesa kuti zinatha kalekale. Anafotokoza mosabisa kuti iye alibe mphamvu pa mpanda, ngakhale pa nsanamira imodzi, koma kuti aimba foni ku likulu tsiku lomwelo. Kenaka anaitanitsa galimoto ya madzi kuti magaziwo atsukidwe ntchentche zisanachuluke. A Bassu anaima patsogolo pa paipi nawachonderera, kuti kutsuka magazi a aar eni ake akuona n'chimodzimodzi kuwalavulira kumaso, ndipo kuti pakatero palibe amene angathe kuwagwira amuna ali panjawo. Si Nawfal anamva, nabweza galimotoyo.

"Chabwino, Dadda Bassu. Ndiye kwerani, ndikakutulutsireni ku chipata chachikulu. Kumeneko kulibe magazi. Ngakhale pano pomwe, mukakhala m'galimoto mapazi anu sakhudza pansi. Matayala ndi a kampani."

"Mulungu akudalitseni, Si Nawfal. Koma magaziwa si galu, woti ndimuzembere kuseri kwa nyumba. Ndikatulukira uko, mawa ndidzalowera kuti kumudzi?"

Anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti awalole kukhala m'kanyumba kawo, usana ndi usiku, kufikira yankho la ku likulu litabwera. Mlonda wolandirana nawo ntchito, amene ndi wa mudzi womwewo, anali atanena kale kuti iye pachipatapo sayandikira. Si Nawfal anavomera.

Kiyi wa chipata anali m'chiuno mwa a Bassu, ndipo onse a panja ankamuona. Ichi ndicho chinkawawa koposa. Madzulo a tsikulo anaitana akulu awo kuwaya, nawafotokozera pang'onopang'ono zimene zili m'katimo. Njira kulibe. Kuli mizere ya magalasi yothithikana, mapaipi a mafuta otentha oti nkhosa ikawakhudza ubweya ungapse, ndi ngalande zakuya. Chitsime chinavundikiridwa ndi simenti. Ndipo kumbali ya kumapiri kulibe chipata chilichonse. Atatsegula, angolowetsa ziweto m'khola la khomo limodzi.

A Yidir sanalowepo m'mpandamo, ndipo m'mutu mwawo njirayo inali ikadalipo, ndi miyala yake yonse. Anati munthu amene anabadwira pa njira sangamuuze mnzake kuti njirayo kulibe. Anati ngati kumpoto kuli waya, waya amadulidwa. A Bassu anayankha kuti mpandawo anaumanga ndi iwo, akuudziwa kuzama kwake, ndipo kuti wayayo asanaduke apolisi adzakhala atafika kudzatenga amuna ndi nkhosa zomwe.

"Unamanga ndiwe," anatero a Yidir. "Ndipo ukunena wopanda manyazi."

"Ndinkadyetsa ana, Dadda. Inu mumadyetsa nkhosa."

M'mawa mwake a Tuda anabwera wapansi kuchokera kumudzi, ndi mkate wa balere, mafuta a maolivi ndi zipatso za kanjedza. Sanayandikire chiundo. Anapita pambali n'kumalowetsa chakudyacho m'mipata ya waya, akulankhula mokweza kuti alamu awo amve: kuti sanaonepo amuna awiri a ndevu zoyera, obadwa mimba imodzi, wina m'kati wina kunja, akuyang'anana ngati atambala a pamsika, kuti nkhosa yonona yokhayo imene inatsala m'chigwa chonse yaphedwa kuti idyetse ntchentche, ndi kuti ngati a Yidir ankafuna kupha kanthu pakhomo la mng'ono wawo, khomo lenileni akulidziwa, ndipo mphika ulipo. A Yidir anayang'ana kumbali.

Atatha izi anatsitsa mawu. Anauza amuna awo kuti a banja lofunsira Itto ali m'gulu lomwelo, hema wawo ndi wachiwiri kuchokera kumsewu, ndipo akuona zonse. Palibe amene amatenga mkazi m'nyumba yokana magazi. Koma akatsegula, ntchito yatha, mwinanso ndende, ndipo nyumba ya ana aakazi okhaokha ilibe wina woidyetsa.

"Ndiye ndichite chiyani, mwana wa anthu?"

"Ndikanadziwa, ndikanabwera ndi mkate wokha?"

Masiku anapita. Nkhosa zinadya tizitsamba tonse ta m'mbali mwa mpanda, kenaka zinayamba kunyambita nthaka. Madzi amene akazi ankatunga kutali ndi abulu ankakwanira anthu ndi tiana ta nkhosa basi. Si Nawfal, poona zimenezi pamene ankadutsa, anatumiza galimoto ya madzi kudzera ku chipata chachikulu, kuti ikaime pakati pa mahema. Ziweto zinamva fungo la madziwo n'kuyamba kuunjikana pa matayala. A Yidir anaima patsogolo pa dalaivala ndi ndodo yawo n'kumuuza kuti abwerere. Akalandira madzi a m'nyumbamo, ndiye kuti alandira yankho, ndipo anthu adzati magazi a fuko anagulidwa ndi thanki imodzi. A Bassu anakuwa ali kuseri kwa waya, kuwatchula akulu awo mayina amene sanawatchulepo chibadwire, koma galimotoyo inabwerera ndi madzi ake, nkhosa zikuithamangira m'fumbi.

Kuyambira tsiku limenelo a Bassu analeka kuphika tiyi, pakuti sakanatha kuthira madzi m'ketulo anthu a panja akuona. Ankakhala pa mpando wawo pamthunzi wa kanyumba. Kumbuyo kwawo magalasi ankatembenuka okha kutsata dzuwa, mzere ndi mzere, ndi kaphokoso kawo kosalekeza, ndipo mawaya akuluakulu ankang'ung'udza popita ndi magetsi ku mizinda ya kumpoto. Kutsogolo kwawo kunali chiundo, magazi atauma n'kuda. Malo onse amene akanatha kuyendamo anali pakati pa ziwirizi.

Yankho la ku likulu linafika, ndipo Si Nawfal anabwera nalo yekha, osati pa kawailesi. Anakhala pamphasa asanalankhule. Anati nkhani ya kanjira yaperekedwa ku komiti imene idzakhala pansi nyengo yotentha ikatha, ndipo idzayamba ndi kutumiza akatswiri odzaona ngati padutsadi ziweto. Anawonjeza, akuyang'ana pansi, kuti a ku likulu afunsa chifukwa chimene chipata chakumwera sichikugwira ntchito, ndipo kuti sabata ikatha chili chotseka, adzapempha apolisi kuti adzachotse anthuwo. A Bassu anawathokoza chifukwa cha kuvutika kwawo, nawaperekeza mpaka pa galimoto.

Kenaka anapita kuwaya n'kuyang'ana ziweto, osati ngati mlonda, koma ngati mwana wa Lahu. Anaona nkhosa zazikazi zitaima mozungulirana, iliyonse italowetsa mutu pansi pa mimba ya inzake. Anaona zina zikukana kuyamwitsa. Anaona akazi akusenda zikopa za tiana tofa kuseri kwa mahema, kuti amuna asaone kuchuluka kwake. Anadziwa kuti zikanyamuka tsiku lomwelo n'kumwa panjira, zambiri zikafika kuphiri, koma zikakhalanso masiku ochepa, palibe idzakwere chitunda. Anadziwanso kuti akulu awo sangachoke. Akanachoka osamva yankho, ndiye kuti anasewera ndi magazi, ndipo tsokalo likanatembenukira mahema onse amene anawatsata. Panalibe munthu wina pansi pa thambo amene akanawamasula. Yankho lovomera kunalibe, linatsala linalo.

A Yidir anafika pawayapo osaitanidwa. Anali ataonda, milomo itang'ambika. Anayang'ana nkhope ya mng'ono wawo nthawi yaitali.

"Usayerekeze," anatero.

"Sindinanene kanthu, Dadda."

"Ndinakubereka kumsana ine, ndimakudziwa. Dikira a ku likulu."

"Ayankha kale. Akuti adzatumiza anthu odzaona ngati kuno kuli nkhosa."

A Yidir anaseka pang'ono, nagwira waya ndi manja onse awiri. "Uli ndi ana aakazi, Bassu."

"Inu muli ndi mahema onsewa. Pitani mukaime ndi anzanu, asadzati tinapangana."

Itatha swala ya masana, a Bassu anakung'untha fumbi pa yunifolomu, navala chipewa chake, naima kumbuyo kwa chitseko. Anaitana amuna onse kuti abwere pafupi, ndipo anadikira mpaka mkulu wa ngamila uja atafika, atagwira phewa la mnzake. Pamenepo analankhula:

"Ine Bassu mwana wa Lahu, mwini khomo lino, pempho lanu ndalimva. Ndakana. Njira sinditsegula."

Anatsegula loko, nakankha chitseko pang'ono, mpata wa munthu mmodzi, nalumpha magaziwo. Anatseka, naima panja pakati pa anthu a fuko lawo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi. Amene anali pafupi anafutuka. Akazi anaphimba nkhope za ana. Mkulu uja anawerama, natapa dothi, naliwaza pachiundo, ndipo ena anatsanzira mpaka magazi onse anakwiririka. A Yidir anatembenuka, naimbira agalu likhweru.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni mahema anali atapasulidwa. Pamphambano pamene njira ya fumbi imakumana ndi msewu wa phula panaima galimoto ya madzi ija, dalaivala atakhala pamthunzi wake, paipi ikutayira madzi m'ngalande ya msewu. Tsopano nkhani inali itatha, ndipo madzi otayika pamsewu alibe mwini. Nkhosa zinamwa, a Yidir atazifulatira, akuyang'ana kumapiri.

Anafika kumsipu mochedwa, namanga mahema kutali ndi kasupe. Zina zinafera pamsewu, koma zochuluka zinakhala ndi moyo, ndipo palibe banja limene linatsika kuphiri chimanjamanja. Zimenezi aliyense akuzidziwa, ndipo palibe amene amazikana. Komabe aliyense anamvanso ndi makutu ake mawu aja akuti ndakana.

A banja lofunsira Itto sanabwerenso. Sanatumize mawu oipa; anangokhala chete, ndipo zofunda zimene a Tuda anaomba zili m'bokosi. Kumzikiti a Bassu amapatsidwa moni, koma waufupi. Paukwati amaitanidwa, pakuti palibe angayerekeze kusawaitana, koma amakhazikidwa chakukhomo, ndipo chakudya chawo chimabwera m'mbale yayokha pamene ena akudyera pamodzi. Imamu analalikapo Lachisanu lina kuti mwambo wa aar suli m'chipembedzo, ndipo kuti tsoka ndi mwayi zili m'manja mwa Mulungu yekha; anthu anagwedeza mitu kuvomereza, natuluka, napitiriza monga kale. Mwana wamng'ono wa a Bassu akangotsokomola, akazi a pachitsime amayang'anana. A Bassu eni ake amati sakhulupirira zimenezo, koma a Tuda amati usiku wotero amuna awo sagona.

Nyengo ya kuphiri ikatha, kunyumba kwa a Tuda kumafika thumba la chikopa lodzala mafuta a mkaka wa nkhosa. Wolibweretsa amangoti ndi la atsikana, osatchula kumene lachokera. A Bassu amadya nawo, n'kudandaula kuti mchere wachuluka, monga amachulutsira akazi a akulu awo nthawi zonse. Kupatula apo, abale awiriwa sanalankhulanenso.

Si Nawfal asanasamutsidwire ku ntchito ina, a Bassu anawapempha kuti awachotse pachipata chakumwera, awaike kwina kulikonse, ngakhale kotsuka magalasi padzuwa. Si Nawfal anayesetsa, koma anabwera n'kuwauza mwachisoni kuti sizitheka. Palibe mwamuna wa m'midzi yozungulira amene angavomere kuima pakhomo limenelo, ndipo alonda ochokera kutali sakhalitsa, chifukwa madalaivala sawalankhula ndipo m'sitolo sawakongoza. Munthu yekhayo amene angasunge chipatacho ndi amene anachitcha chake pamaso pa fuko lonse.

Motero a Bassu akadali pomwepo, ndipo mapewa a yunifolomu yawo ayera ndi dzuwa. Amafika m'mawa, amatsegulira magalimoto a madzi, amatseka. Anauzidwa kuti angadzapume ntchito akakwanitsa zaka zoyenera, koma popeza anabadwira m'hema, palibe akudziwa bwino chaka chimene anabadwa, ndipo chimene a boma anawalembera poyerekeza chimawaonetsa aang'ono kuposa mmene mawondo awo akunenera.